Bambo anga adzaza nyumba ndi mapiri, titani nazo zithunzizi?

Nangozo wa ku Zomba:
Moni nonse pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani ya kunyumba kwathu, ikatalika mundipirire.

Bambo anga anagwira ntchito m'boma, ku ofesi yoona za chisamaliro cha anthu, kwa zaka zoposa 30. Kumidzi dzina lawo lenileni ankalidziwa ndi ochepa, aliyense ankangoti "a Welofeya". Ntchitoyi anaiphunzira ku Magomero ku Chiradzulu, kenaka n'kuyamba kusamutsidwa: Nsanje, Mulanje, Machinga, mpaka kudzathera kuno ku Zomba komwe anapumira atakwanitsa zaka 60. Ife ana tinkaganiza kuti akapuma achita zomwe anzawo amachita, kaya chigayo, kaya khola la nkhuku, kaya ukulu wa mpingo. Iwo anapita m'tauni n'kubwerako ndi maburashi.

Papita zaka pafupifupi 10 tsopano akujambula. Dzulo ndimati ndiwerenge zithunzizo, ndinalekera pa 100 nditatopa. Kuchipinda cha alendo kulibenso pogona mlendo. Zina zili kuseri kwa kabati, zina pansi pa bedi. Zonse ndi mapiri, madambo, mitengo, nyanja ya Chilwa. Mayi atopa nazo, ndipo chiswe chayamba kulawako ziwiri za pansi. Ndaika zithunzi zitatu m'munsimu kuti muone.

Mafunso anga ndi awa: zinthu zotere zimagulitsidwa kuti? Nanga zimasungidwa bwanji kuti zisaonongeke? Koma palinso china chimene chimandisowetsa mtendere. M'zithunzi zonsezo mulibe munthu ngakhale mmodzi. Palibe mayi wosenza nkhuni, palibe mwana, palibe msodzi. Munthu woti moyo wake wonse unali anthu, anthu, anthu, pakhomo pathu sipankatha alendo odzadandaula ngakhale Lamulungu. Ndikawafunsa amangoseka.

Wakabaza wa pa Chinamwali:
Achemwali, ndiye kuti penshoni yonse ikuthera penti? Kikiki. Ndalama imeneyo akanagula njinga zamoto ziwiri, bwenzi tikuwaperekera ya tsiku madzulo alionse. Phiri la Zomba lilipo kale, timaliona ulere m'mawa uliwonse. Kulijambulanso n'kufuna chiyani, likuthawa?

Nangozo wa ku Zomba:
Musaseke achimwene, mawu amenewo ndi a mayi ndendende. Koma penti wake si wodula monga mukuganizira. Amapempha wotsala m'zitini kwa amisiri openta nyumba, wa PVA uja, n'kumasakaniza ndi timabotolo ta tinti. Mtundu wofiira amapera katondo, kumusefa pa kansalu, n'kuthira guluu wa matabwa. Wakuda ndi makala. Amajambula pa mabolodi otsala kwa akalipentala. Chimene chimawadyera ndalama ndi penti woyera ndi wa buluu, chifukwa chithunzi chilichonse theka ndi thambo. Chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndaona kuti thambo lawo layamba kuchepa, mapiri akukwera mpaka m'mwamba mwa bolodi.

Mphunzitsi Wopuma:
Mwana wanga Nangozo, ndiyambe ndi mnyamata wa kabazayo. Iwe, usanafike zaka 60 sungadziwe kutalika kwa tsiku. Anzanga angapo amene tinapuma limodzi tinawaika m'manda pasanathe zaka zitatu, osati chifukwa cha njala ayi, koma kukhala pakhonde ndi wailesi kuyambira m'mawa mpaka nkhuku kulowa, palibe wokufunsa kanthu. Mkulu amene wapeza chomudzutsa m'mawa musiyeni.

Tsono za Nsanje. Ine ndinaphunzitsako kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique. Achinyamata a pagulu pano simudziwa kuti dziko lino linasungapo anthu othawa nkhondo oposa 1 miliyoni. Ku Nsanje othawawo anachuluka kuposa eni dera. Msasa wa Mankhokwe unali ngati tauni ya udzu. Ana ena ankafika okha, mayi wafera m'njira, bambo sakudziwika komwe ali, mwana akungodziwa dzina la mudzi ndi la mtsinje. Ntchito ya anthu ngati bambo akowo inali kukhala pansi pa mtengo ndi buku lalikulu, kumufunsa mwanayo pang'onopang'ono, kumupezera banja loti limusunge, n'kumafufuza abale ake msasa ndi msasa. Kutentha kwa kuchigwa mukukudziwa, mpando wa njinga unkaotcha ngati chiwaya. Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome mu 1992 anthu anayamba kubwerera kwawo, misasa n'kusanduka minda.

Asanapume n'komwe kunabwera Edzi. Ma ARV aulere anayamba mu 2004, ndiye taganizani zaka zonse za m'ma 1990, maliro tsiku ndi tsiku, agogo kutsala ndi zidzukulu zisanu ndi ziwiri, achibale a mwamuna kubwera ndi lole kudzatenga mpaka mapoto ndi malata. Lamulo loteteza bwino chuma cha masiye linadzabwera mu 2011. Kale lonse mayi wamasiye ankathamangira kwa ndani? Kwa a Welofeya, amene m'thumba mwawo munali cholembera chokha. Mtukula Pakhomo, woyambira ku Mchinji mu 2006, ndiye anadzawapatsako kanthu koti n'kupereka m'manja mwa munthu. Zisanatero ntchito yawo inali kumva, kulemba, ndi kupepesa.

Ukandifunsa ine, bambo ako anthu anawaona mokwana.

Nangozo wa ku Zomba:
Zikomo bambo, mwandikumbutsa. Chithunzi choyambacho n'cha ku Nsanje komweko. Mukaona bwino kuli mivumo kumanzere, Shire akuoneka ngati kaulusi, kutsidya mapiri a ku Mozambique. Koma pakati pali malo aakulu opanda kanthu, oyera ngati bwalo losesedwa. Ndinawauzapo kuti apa simunamalize, muikepo ngakhale ng'ombe. Anati, "Ndinamaliza. Pamenepo panali anthu." N'kutuluka kukathirira tomato.

Wazojambula ku Chembe:
Mlongo, ine ndimadya za burashi, ndimagulitsa kwa alendo kuno ku Cape Maclear, ndiye ndikuuzani zoona ngakhale ziwawe.

Mlendo wa kunja amafuna kanthu kakang'ono ka pa nsalu, koti akapinda kalowe m'chikwama cha kumsana. Bolodi silipindika. Chachiwiri, amafuna Malawi amene anali naye kale m'mutu: dzuwa likulowa m'nyanja, mayi ndi mtsuko pamutu mwana kumbuyo, mlambe, njovu. Ine mlambe umodzimodzi ndaujambula kosawerengeka, ndikhoza kuujambula nditatsinzina. Phiri lopanda dzina, lopanda munthu, la mtundu wa fumbi, pagombe pano likhoza kukhala chaka osafunsidwa mtengo. Ngati mukufunadi kugulitsa, musapite nazo kumsika wa ziboliboli. Sankhani zisanu zabwino, mukazionetse ku La Caverna ku Mandala House ku Blantyre, kumene kumabwera anthu ogula zopachika m'nyumba ndi m'maofesi. Mwina angakulangizeni. Komanso tsiku lina muwatengere bambowo ku Mua akaone KuNgoni, malo a zaluso amene Bambo Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Osati kukagulitsa, kungoti akacheze ndi anthu ena amene manja awo amanunkha penti.

Kasungidwe: musazigoneke pansi, musazitsamiritse kukhoma. Ikani njerwa, pamwamba matabwa awiri, zithunzi ziime chilili ngati mabuku, mphepo izidutsa. Osazikulunga m'pulasitiki, zimachita thukuta. Ziwiri zikayang'anizana nkhope nthawi yotentha penti wa PVA amamatirana, polekanitsa mudzapeza phiri lasamukira pa chithunzi china. Zimene anagwiritsa makala ndi katondo zimafuna vanishi wopyapyala, apo ayi zimayoyoka. Ndipo ku Zomba kwanuko, ndi chinyezi cha dzinja, samalani: bambo amajambula nkhungu ya paphiri, koma nkhungu ina ija ya pa nsima yogona idzamera yokha kuseri kwa bolodi.

Tsono ndinene za ntchito yake, poti ndaziyang'ana nthawi yaitali. Mitengo yawo ndi youma, imaima ngati asilikali pa perete. Madzi awo ali ngati simenti. Koma kutalika amakudziwa mkuluyu. Chachitatucho taonani mmene mapiri akutsogolo alili akuda, apakati otuwa, akumbuyo akusungunukira m'thambo. Umenewo ndi mwezi wa Okutobala, utsi wa lupsa uli m'mwamba, mvula isanatsuke. Ambiri a ife timapaka phiri lililonse buluu mmodzimodzi ngati yunifomu ya sukulu. Zimenezi sanaphunzire kwa munthu, anachita kukhala pansi n'kumayang'ana.

Wakabaza wa pa Chinamwali:
Ndiye mwamva, sizigulika. Ine ndinanena kale. Koma chachitatucho n'chokongoladi, ndisaname.

Mbadwa ya ku Phalombe:
Dikirani kaye. Chachitatucho si phiri lopanda dzina ayi. Ameneyo ndi Michesi, ndipo kumbuyoko ndi Mulanje. Ndakula ndikuliona kuchokera pakhomo pa agogo. Mizere yoyera ikutsika m'phirimo si mitsinje, ndi zipsera za napolo wa mu Malichi 1991. Ndinali mwana koma mkokomo wake ndimaumvabe, ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi. Madzi anabwera ndi miyala ikuluikulu kuposa nyumba, anthu ambiri anapita, ena mitembo yawo sinapezeke. Nthawi imeneyo Phalombe anali asanakhale boma palokha, tinali pansi pa Mulanje mpaka 1998. Agogo ankati ndi chinjoka chija chimasamuka kuphiri kupita kunyanja, chomwe chinadutsanso ku Zomba mu 1946.

Chikundidabwitsa n'chakuti mu 2023 namondwe wa Freddy anang'ambanso mapiri athu, zipsera zatsopano zili mbali zonse. Pa chithunzichi palibe zatsopanozo, pali zakale zokha, ndipo zikuoneka zaziwisi ngati zachitika dzulo. Mitengonso ya m'munsi mwa phiri yachuluka kuposa mmene kulili lero. Achemwali, anajambula liti chimenechi? Mwati anayamba atapuma ntchito.

Nangozo wa ku Zomba:
Achimwene a ku Phalombe, mwandichititsa kukafunsa mayi. Akuti mu 1991 tinali ku Mulanje, ine ndili wakhanda, ndipo bambo anatha masabata osagona pakhomo, akulemba mayina a otsala ndi ana amene makolo awo anakokoloka.

Ndiye mayi andiuza chinthu chimene sindinkachidziwa. Akuti kujambulaku sikunayambe atapuma. Ntchito yawo inali yodikira kwambiri: kudikira amfumu abwere kudimba, kudikira khoti liyambe, kudikira basi imene mwina sibwera. Podikirapo ankatembenuza kope la ntchito n'kumajambula ndi pensulo kumasamba akumapeto, chilichonse chili patsogolo pawo. Kutsogolo kwa kope nkhani za anthu, kumbuyo mapiri. Tsiku limene anapuma, mafayilo a boma anasiya ku ofesi, koma makope awoawo anabwera nawo m'katoni. Anakhala kuseri kwa nyumba tsiku lonse akuthothola masamba akumbuyo n'kumaika pambali, akutsogolo n'kumaponya pamoto. Mayi akuti anapsereza ndiwo tsiku limenelo chifukwa choonerera.

Ndiye zambiri mwa zithunzizi amazitenga pa timapepala timeneto. Michesi ameneyo ndi wa 1991, wangopakidwa penti posachedwa.

Nachisale ku Leeds:
Nangozo mnzanga, nkhani yako yandigwira chifukwa inenso ndimagwira ntchito yomweyo kuno ku Britain. Chimene anthu sadziwa n'chakuti ntchito imeneyi imakutseka pakamwa. Namwino akhoza kufika kunyumba n'kunena kuti lero kunali ngozi ya minibasi. Ife sitinganene kuti mwana wa uje anachitidwa zakuti ndi malume ake, ngakhale kwa mwamuna wako pabedi. Kumudzi n'koposa, chifukwa ukangotchula mudzi aliyense wadziwa kale banja lake. Kuno mwezi ndi mwezi timakhala pansi ndi wotiyang'anira, mwa zina kuti titule zimene zatilemera. Bambo akowo ankatula kwa ndani? Munthu mmodzi, dera lonse, njinga yakapalasa.

Ine ndikuona ngati chithunzi chilichonse ndi nkhani imene sangainene. Anthu anawachotsamo dala, monga anaotchera masamba aja, n'kusiya malo okha. Iwo akayang'ana amadziwa kuti pansi pa mkuyu uwu panakhala ndani, analira ndani. Iwe ukuona mkuyu.

Kunonso nkhalamba zopuma ntchito zimajambula kwambiri, zimakumana m'maholo a tchalitchi ndi tiyi wawo, kujambula timitsinje ndi nkhosa. Palibe amazifunsa kuti mwapindulanji. Kwathu kokha ndiye chilichonse chimene sichibala ndalama timachiyesa misala, kapena tiyambe kunong'ona kuti mkuluyu akumapita yekha kuphiri m'mamawa, kaya amakatani.

Mlamu wa ku Joni:
Asisi a ku Leeds, mwayamba zachizungu tsopano. Chilichonse chikhale ndi bala kuseri kwake? Mwina mkuluyu amangokonda mapiri basi. Agogo anga aakazi ankazira nyumba ndi dothi la mitundu itatu, lofiira, loyera ndi lakuda la kudambo, n'kujambula maluwa pakhoma chaka chilichonse mvula ikatha. Analibe chinsinsi cha boma chilichonse. Ankangofuna pakhomo pakongole. Musamuike mkulu wa eni m'chipatala iye ali bwinobwino akuthirira tomato wake.

Nachisale ku Leeds:
Alamu, sindinati akudwala. Koma agogo anuwo sanasiye bwalo loyera pakati pa khoma n'kunena kuti "pamenepo panali anthu".

Wosatchula Dzina:
Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndipo ndikudziwa kuti zimene ndinene sizikoma. Chemwali Nangozo, bambo anu sindikuwadziwa, sindikunena iwo.

Nonse mukuyankhula ngati a Welofeya anali angelo. Kwathu tikamva belu la njinga yawo tinkathawira m'chimanga. Mng'ono wanga ali ndi zaka 13 anaba nkhuku ziwiri ndi wailesi, nthawi ya njala, bambo athu atamwalira. Kunabwera mkulu wina waulemu wake, wa kope m'manja, anakhala pa mpando wathu umodzi womwewo, mayi anamuphikira tiyi wa shuga wobwereka. Anafunsa mafunso mofatsa, mayi n'kumayankha zonse poganiza kuti akuthandizidwa: inde sindingathe kumulanga, inde amagona kunja, inde chakudya chimavuta. Mawu omwewo ndi amene anakawerengedwa kukhoti. Mwana anatumizidwa kusukulu ya ana olakwa, kutali, mayi analibe ya basi yokamuona. Anabwerako patapita zaka ali munthu wina, wosayankhula, ndipo sanakhalitsenso pamudzi. Mayi anamwalira akunena kuti ndinamugulitsa mwana wanga ndi kapu ya tiyi.

Ndiye mukamati mkulu anaotcha masamba akutsogolo n'kusunga mapiri, ine ndikumva zina. Iye anatha kuotcha. Ife tsamba lathu tinatsala nalo.

Wakabaza wa pa Chinamwali:
Koma akulu, wakuba ndi wakuba, nkhuku zinali za eni ake.

Woyang'anira Gulu:
A Chinamwali, apa pokha khalani chete. Munthu akunena za m'bale wake. Tipitirize mwaulemu, ndipo pasapezeke wotchula dzina la munthu kapena mudzi wa eni nkhani.

Mphunzitsi Wopuma:
Pepani kwambiri bambo. Sinditsutsa chimene munaona ndi maso anu. Ndingoonjeza kuti masiku amenewo njira zinali zochepa. Mwana akafika m'manja mwa apolisi, wolemba lipoti ankasankha pakati pa sukulu yoteroyo ndi ndende, kumene ana ankapezeka atasakanizidwa ndi akuluakulu. Ambiri ankalemba za sukuluyo poganiza kuti akumupulumutsa. Lamulo la chisamaliro, chitetezo ndi chilungamo cha ana la 2010 ndi limene linatsegula bwino njira yoti mlandu waung'ono uthere kunja kwa khoti, mwana apepese, abweze, akhalebe kwawo akuyang'aniridwa. Nkhuku ziwiri lero zikhoza kuthera pabwalo. Linachedwa lamulolo, mng'ono wanu silinamupeze.

Wosatchula Dzina:
Ndamva aphunzitsi. Koma akanawauza mayi kuti zimene mukunenazi ndikazinena kukhoti. Chokhacho. Akanamwa tiyi atanena.

Mwana wa ku Kachulu:
Pepani ndilowe ndi zina, mitima itsikeko. Chithunzi chachiwiri chija, cha bwato lili pa matope ong'ambika, ndi kwathu. Chilumba chikuoneka patsogolocho ndi Chisi. A ku Chembe akuti madzi a mkuluyu ali ngati simenti, koma apa sanalakwitse, panalibe madzi. Chilwa ilibe mtsinje wotulutsa madzi, ndi yosaya, ndiye mvula ikavuta zaka zotsatizana imaphwa. Agogo ankasimba za 1968. Ine ndinaona 1995 ndili mnyamata, ndi 2018 ndili ndi ana. Anthu ankapita ku Chisi wapansi, njinga zikuyenda pamene tinkaponya makoka. Matemba anasowa, asodzi anabalalika, ena ku Malombe, ena kukatentha makala kuphiri, ndipo atsikana ambiri anakwatiwa zaka zimenezo asanakhwime, poti pakhomo panalibe chodya. Ndikhulupirira ndi zimene zinawafikitsa a Welofeya kugombe kwathu.

Ana anga akaona nyanja itadzaza sakhulupirira ndikamawauza. Pafoni ndinalibe chojambulira nthawi imeneyo. Chemwali, musathamangire ku Blantyre. Eni ake a zithunzizi ndi anthu a kumalo komweko. Wa ku Phalombe wazindikira chake, ine ndazindikira changa. Muziike pano chimodzichimodzi, muone ngati sizipeza kwawo. Mwinanso muli mapiri amene lero ndi mipala, ngati la Ndirande lija tinkalimva kuti linali nkhalango. Ine chimenechi ndikuchifuna. Ndalama zambiri ndilibe, koma tiuzeni mtengo.

Nangozo wa ku Zomba:
Abale, usiku wapitawu ndinawawerengera bambo zonse, kuyambira za njinga zamoto mpaka za ku Kachulu. Anamvetsera maso ali kudenga. M'mawa uno andipatsa pepala kuti ndilembe pano mmene alembera, osasintha. Nali:

"Ndathokoza nonse. Mwana wanga wandiika pabwalo osandiuza, koma palibe kanthu.

Mayi a ku Leeds, mwandiganizira zakuya. Choona n'chakuti anthu ndi ovuta kujambula. Ndinayesapo mkazi wanga, mphuno inatuluka ngati mbatata, sanandiyankhule masiku awiri. Phiri silidandaula. Zinazo mwanenazo, kaya.

Mnyamata wa ku Chembe wanena zoona za madzi. Andiuze mmene amachitira.

Bambo a ku Kachulu, chithunzicho n'cha 1995. Mubwere ndi chitini cha penti woyera cha malita 5 ndi matemba a mbale imodzi, mudzatenge. Cha ku Nsanje sichichoka m'nyumba muno.

Bambo amene simunatchule dzina. Malipoti otere ndinalemba ambiri. Tiyi wotere ndinamwa. Ena mwa malipotiwo ndikanati ndilembenso lero, sindikanalemba chimodzimodzi. Mwanena kuti akanawauza mayi anu asanayambe kufunsa. Zaka zanga zoyamba inenso sindinkanena, ndinkaopa kuti akadziwa sandiuza zoona. Ndinadzayamba kunena mochedwa. Sindikudziwa ngati amene anakhala pa mpando wanu ndinali ine kapena mnzanga, ndipo musatchule dzina pano. Masamba ndinaotcha chifukwa munali mayina a ana a eni, ndipo ine ndikafa katoni imatsegulidwa ndi aliyense. Kuotcha sikufufuta, ndinayesa. Ngati mungafune, tchulani phiri limene mumaliona mukaima pakhomo panu. Phiri lokha."

Ndi zimenezo. Atandipatsa anatenga chipewa, akuti akukaona ngati jakaranda wayamba kuchita maluwa kumsewu wa ku Chancellor.

Wazojambula ku Chembe:
Bambo, mwandilemekeza. Madzi musawapake mtundu wa madzi, alibe mtundu. Pakani thambo lomwelo mwaika kumwamba, koma lakuderako pang'ono, ndipo burashi iziyenda chopingasa basi, osatsika nayo. Kufupi ndi inu mizere ikhale yotalikirana ndi yokhuthala, kutali ikhale yothinana mpaka isowe. Chilichonse chaima m'mbali, bango kaya bwato, chikokereni pansi penti asanaume, kenaka mudule ndi kamzere koyera kamodzi kapena tiwiri. Tiwiri tokha bambo, mukachulutsa ibwereranso simenti. PVA amauma msanga, ndiye nyowetsani bolodi kaye, ndipo muzijambula m'mawa kusanatenthe. Za mitengo tidzakambirana tsiku lina, imeneyo ndi milandu yambiri.

Mlamu wa ku Joni:
Mwamva asisi a ku Leeds? Mphuno ngati mbatata! Ine ndinanena. Nangozo, ndikubwera pa basi mu Disembala, kuno maburashi ndi otchipirako. Afunseni akufuna manambala ati, ndi machubu angati a buluu. Thambo libwerere pamalo pake. Malipiro anga ndi chithunzi chimodzi cha Dedza ngati chilipo.

Nachisale ku Leeds:
Alamu, munawerenga mpaka pa mbatata n'kulekera pomwepo.

Nangozo wa ku Zomba:
Alamu, Dedza sanagwireko, mulibe. Mayi akuti mutenge chilichonse, ngakhale zitatu, bola bedi la alendo lioneke. Njerwa ndi matabwa taika kale, ziwiri zija za chiswe tazitulutsa padzuwa. Kuyambira Loweruka ndiziika pano zisanuzisanu monga ananenera a ku Kachulu.

Wosatchula Dzina:
Chikala.

Nangozo wa ku Zomba:
Ndayang'ana. Za Chikala zilipo zinayi, zinali pansi pa bedi. Ndawauza bambo. Sanayankhe kanthu, angoti ndizitulutse ndiziimike pakhonde, ndi mpando wawo.